Mwana Wanga, Usakavale Ma Ski a Munthu Wina

Shimabala,
Kafue.

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikudziwa kuti ukaipeza envulopu iyi m'chikwama useka, unena kuti atate sanamvebe zoti kunabwera WhatsApp. Seka ndithu, koma uwerenge mpaka kumapeto. Pa foni umandidula pakamwa ndi "ndamva, atate, ndamva," pamene sunamve kanthu.

Tonse takondwa kuti ntchito ya ku Johannesburg yatheka. Amayi ako auza mpingo wonse, ngakhale amene sanafunse. Za ntchitoyo nkhawa ndilibe. Uzifika msanga, uzilemekeza akuluakulu, ndipo pasipoti ndi chilolezo cha ntchito usamapatse munthu kuti akusungire. Zimenezo unazimva kale mpaka kutopa nazo. Chimene chandigwiritsa cholembera n'china.

Lamlungu lija unali pakhonde kulankhula ndi anzako a kumeneko, ine ndinali kuseri ndikumata chubu cha njinga. Sindinali kutchera khutu, koma iwe ukasangalala mawu ako amafika mpaka kumsewu. Ndinamva kuti mu Julaye mukufuna kupita ku Lesotho, ku Afriski, kukasewera pa chipale chofewa. Kenako ndinamva ukuthokoza mnzako wina amene akuti akubwereka ma ski a mlongo wake kuti usawononge ndalama kusitolo. Manja anga anafooka pomwepo. Malo ndi omwe aja, ndipo mawu ndi omwe aja amene anauzidwa msuweni wako.

Nkhani yake unangoimva pamwamba, chifukwa nthawi ija unali pa mayeso ndipo zina tinakubisira. Azakhali ako anaimba foni tambala asanalire, akulephera n'kulankhula komwe. Msuweni wako anapita kumeneko ndi anzake a kuntchito. Ndalama ya basi ndi ya pogona anali nayo, koma atamva mtengo wobwerekera zipangizo anaona ngati akuberedwa. Mnzake wina, munthu wamtali, wodzaza thupi, wozolowera masewerawa kuyambira ali mwana, anati ali ndi ma ski akale amene angokhala m'galaja, atenge. Nsapato zake zinali zazikulu, msuweni wako n'kuvala masokosi angapo kuti zimukwane. Tsiku loyamba lomwelo anagwa. Sanali pa liwiro lalikulu ayi, ana aang'ono ankamupitirira. Koma ski imodzi inakodwa n'kutembenukira kwina, thupi lake likupita kwina, ndipo chitsulo chogwira nsapato sichinamasuke. Chimene chinagonja ndi bondo. Mtsempha wa m'kati unaduka.

Zotsatira zake ukuzidziwa. Opareshoni, ndodo, miyezi ya kuchipatala cha mafizo. Ntchito yake inali yoima ndi yonyamula tsiku lonse, ndiye inatha. Ng'ombe za azakhali ako ku Chadiza zinapita imodziimodzi. Mnyamata amene ankatumiza ndalama kumudzi lero ndiye akutumiziridwa, ndipo ukamuona akukwera minibasi pa Shimabala, mwendo ali chiwongolere, anthu akumudikira, umayang'ana kumbali. Ndalama imene anapulumutsa tsiku lija sikanagula ngakhale mbuzi yabwino.

Ine chipale chofewa ndimangochiona pa TV, koma zitsulo ndimazidziwa. Zaka zonse zimene ndinagwira ku Nitrogen Chemicals ndinali munthu wa mavalavu. Pali valavu ina imene ntchito yake n'kugonja. Umaiika kuti mphamvu ya mpweya ikafika pakutipakuti itseguke yokha. Ukaimanga kwambiri, paipi kapena thanki ndi imene imaphulika. Ukaisiya yofewa, imangotulutsa mpweya nthawi yosayenera. Chitsulo chogwira nsapato pa ski, chimene amachitcha binding, n'chimodzimodzi. Chili ndi masipuring'i kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo chimayenera kukutaya ukagwa mopotoka, mwendo usanathyoke. Msuweni wako atabwera ndinamukhazika pansi, mlongo wako n'kumatiwerengera pa foni, mpaka ndinamvetsa bwinobwino.

Kusitolo yobwereketsa amakufunsa kulemera kwako, kutalika, zaka, ndi luso lako pa masewerawa, n'kuyezanso kutalika kwa pansi pa nsapato m'mamilimita. Zonsezo amaziphatikiza pa tchati n'kupeza nambala imene amati DIN, kenako amapotokola sikuluwu mpaka kachizindikiro kafike pa nambalayo. Wophunzira kumene amamupatsa nambala yotsika kuti chitsulo chimutaye msanga. Katswiri wolemera amamupatsa yokwera. Msuweni wako anavala nambala ya munthu wina, basi nkhani yonse ndi imeneyo. Tsono mlongo wa mnzakoyo ukumudziwa? Amalemera bwanji? Ma ski akewo anaunikidwa liti? Masipuring'i amatopa, pulasitiki imauma, ndipo zonsezo ndi maso sungazione.

Ndiye akakakufunsa kulemera kwako, ukanene zoona. Ndikukudziwa iwe, ngakhale kukiliniki umatsutsana ndi sikelo. Kumeneko manyazi ukawasiye pakhomo. Ukachepetsa makilogalamu, ski idzakuvuka pamene sukuyembekeza. Ukadzitama kuti unasewerapo, adzakumangira kwambiri. Ukanene mosabisa kuti "ndine mlendo, sindinapondepo." Safunsa anadya phula. Ndipo ukaime pomwepo uone ndi maso ako akuika nsapato yako yeniyeniyo m'chitsulomo n'kuyesa ngati ikutuluka. Akangokuponyera ma ski osakufunsa kanthu, ukawabweze.

Amayi ako alowa pano akuti ndikukumbutse juzi yofiira ija, ili pa chingwe, ndipo akuti ndisakuopseze kwambiri. Iwowo ndi amene sanagone kuyambira Lamlungu.

Usaganize kuti ine sindidziwa kukoma kwa kutsetsereka. Tili anyamata ku Katete, kumunsi kwa mapiri a Mphangwe, kunali thanthwe losalala limene tinkalikonda kuposa nsima. Tinkasenda khungwa la mtengo, n'kukhalapo awiriawiri, n'kudzikankha. Mbuzi zinkalowa m'munda mwa eni ife tili pa thanthwe. Makabudula ankatha kumbuyo, agogo ako n'kumatidikira ndi kamtengo, mawa lake n'kubwererakonso. Mphepo ikamakuomba kumaso umaiwala kuti uli ndi mafupa. Choncho sindikukuletsa, chifukwa magazi amenewo unatengera ine. Koma taona kusiyana kwake. Ife tikagwa, khungwa linkapita kwake, ife kwathu. Panalibe chomangidwa kumwendo. Iwe udzakhala utamangiridwa ku thabwa lalitali limene likapotoka limapotola ndi bondo lomwe.

Nsapato usazithamangire. N'zolimba, ndipo zimayenera kukugwira ndithu, osati kukupweteka. Ukaima chilili zala zizikhudza pang'ono kutsogolo, ukapinda mawondo zizibwerera, chidendene chisamanyamuke. Sokosi ikhale imodzi, yaitali, yopanda makwinya, buluku osalilowetsa m'katimo. Zikakhala zazikulu phazi limasewera, ski n'kumachita zake. Ukayese ziwiri, zitatu, ngakhale anzako akuchite tsinya kuti ukuwachedwetsa. Ma ski a wophunzira akaimikidwa pansi azifika cha pachibwano, asapitirire mutu. Ukawatembenuze uone pansi pake ngati palibe maenje, m'mphepete mwa chitsulo ngati mulibe dzimbiri kapena mophotchoka. Ukawajambule ndi foni usanatuluke nawo, kuti pobweza asakulipiritse zokanda za anthu ena. Lisiti ukasunge. Chikole ukapereke cha ndalama kapena khadi, pasipoti ayi.

Za anyamata a ku Johannesburg amayi ako anakuuza kale, ine sindiwonjezerapo. Malipiro oyamba usawathere pa zovala. Usiku usamayende wekha. Mpingo ukaufunefune sabata yoyamba yomweyo.

Chipewa cholimba chija, helimeti, ukabwereke pamodzi ndi ma ski, tsitsi liwonongeke liwonongeke. Mu Marichi 2009 mayi wina wotchuka wa mafilimu, Natasha Richardson, anagwa pa malo a ophunzira ku Mont Tremblant m'dziko la Canada, ali ndi mphunzitsi pambali, helimeti alibe. Anadzuka, n'kunena kuti ali bwino, n'kubweza achipatala. Patapita masiku awiri anamwalira, magazi atakhetsekera m'mutu. Michael Schumacher, uja wa mpikisano wa magalimoto amene mlongo wako anali ndi chithunzi chake kuchipinda, anagunda mutu pamwala ku Méribel ku France mu Disembala 2013, ndipo madokotala anati akanapanda helimeti sakanafika n'kuchipatala komwe ali moyo. Anthu a ndalama amenewo, madokotala ali pafupi. Ndiye iwe ukagunda mutu, ngakhale uzimva bwino, ukapite akakuone tsiku lomwelo.

Ndipo udziwe kumene ukupita. Afriski ili m'mapiri a Maloti, pa Mahlasela Pass, pamtunda wopitirira mamita 3,000. Sapitwa wa ku Mulanje, amene abale athu a ku Malawi amamutchula ndi ulemu, ndi mamita 3,002, ndiye kuti pamene iwe uzikagona m'pamwamba kuposa nsonga yakeyo. Johannesburg ili cha pa mamita 1,750, Lusaka sifika n'komwe pa 1,300. Mpweya kumeneko ndi wochepa, umatopa msanga, mutu umatha kuwawa, ndipo mwendo wotopa ndi umene umagwa moipa. Msuweni wako anagwa madzulo, anzake atanena kuti "komaliza." Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Miyendo ikayamba kunjenjemera ukavule, ukakhale pansi, ukamwe tiyi. Mowa pa phiri ayi. Dzuwa la kumtunda limawotcha ngakhale kukuzizira, likagunda pa chipale limabwerera m'maso, ndiye magalasi ndi magolovesi usaiwale. Kuzizira kwa mu Juni kuno kumtsinje wa Kafue, kumene umadandaula nako, kumeneko n'chibwana.

Chipale chambiri pa malowa amachita kupanga ndi makina usiku, ndipo nyengo yake ndi yaifupi, Juni mpaka Ogasiti. Anthu onse amathamangira miyezi yomweyo, makamaka masukulu akatseka. Ukafika mochedwa udzapeza nsapato za saizi yako zatha, kenako wina adzati "vala izi, n'zazikulu pang'ono chabe." Msuweni wakonso anauzidwa choncho. Ukalembetse zipangizo musananyamuke, pamodzi ndi phunziro la mphunzitsi wa pamalopo. Mnzako si mphunzitsi, ngakhale akhale wokoma mtima bwanji.

Kuchoka ku Afriski kufika m'tauni ya Butha-Buthe ndi makilomita pafupifupi 80, kuposa kuchoka ku Lusaka kufika ku Kafue, ndipo msewu wake ndi wokhotakhota, wotsika ndi Moteng Pass, umene nthawi yozizira umaterera. Mukayende masana. Msuweni wako anautsika msewu umenewo atagona kumpando wakumbuyo, akulira pa khona lililonse. Lesotho ndi dziko palokha, mudzadinditsa pasipoti pa Caledonspoort. Randi amalandira, koma inshuwaransi ya chipatala ya kuntchito kwako usangoganiza kuti imawoloka malire. Ukawafunse, akuyankhe polemba, ngati amalipira munthu akavulala ku Lesotho, ndiponso akavulala pa masewera otere. Ya msuweni wako inakana.

Kuno zonse zili monga ukuzisiyira. Chimanga takolola, chidzatifikitsa. Magetsi akungozimazima. Mlongo wako akuti akuwerenga za giredi 12, ine ndimangoona foni. Agogo ako miyendo ikuwavutabe, koma akuti ku mwambo wa Kulamba mu Ogasiti apita, wina afune asafune. Malata a kukhitchini ndikhoma mwezi wamawa.

Dzulo azakhali ako anabwera kudzakutsanzika, iwe uli ku Lusaka kukagula tikiti. Za Lesotho sindinawauze. Ndikanayamba bwanji? Anakhala pampando uja wa pakhonde, n'kunena kuti akanadziwa akanamutumizira mwana wawo ndalama yobwerekera, ngakhale kuchita kukongola. Ine ndiye ndadziwa. M'envulopu momwemu muli kena kake, amayi ako anachotsa ku chilimba chawo, ine ndawonjezera. Si ya chakudya, si ya lendi, si ya tsitsi. Ndi ya ma ski, nsapato, helimeti ndi mphunzitsi. Ikachepa undiuze, ndigulitsa nkhuku, ndipo sindidzakufunsa mafunso.

Unayamba kuyenda mochedwa, iwe. Anzako akuthamanga, iwe unkangokwawa, amayi ako n'kumalira usiku kuti mwina miyendo ili ndi vuto. Tsiku limene unaima n'kundilondola mpaka pa mpopi ndinagula Fanta nyumba yonse. Miyendo imeneyo tinaipempherera, mwana wanga.

Chonde, mnzakoyo umuthokoze bwino, koma umukanire. Akakhumudwa unene kuti atate anga ndi ovuta, undinamizire chilichonse, ine sindidandaula. Ukapite kusitolo, ukanene kulemera kwako kwenikweni, ukaone akuika nambala yako. Ukatero undijambulire kachitsuloko nambala ikuoneka, unditumizire usanakwere phiri. Ndipo madzulo mukatsika undiimbire iweyo, ndi mawu ako, ngakhale kutada bwanji. Ndakupempha, usalole kuti foni imeneyo adzaimbe munthu wina.

Mulungu akutsogolere pa ulendo.

Ine,
Atate ako.