Tsiku limene wina anandinyamulira chikwama

Ndakhala chete masabata atatu, mpaka ena mwandilondola ku inbox kufunsa ngati ndikudwala. Ndili bwino. Mashifiti ndiwo anandipanikiza, komanso nkhani ya leroyi ndimati ndikalemba pang'ono, ndimafufutanso. Lero ndili off, ana ali kusukulu, ndiye pezani pokhala chifukwa ndi yayitali.

Mu August, holide isanathe, tinapita ku Alton Towers. Kwa inu a kumudzi, awa ndi malo aakulu amasewera ku Staffordshire, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto kuchokera kuno ku Normanton, mu Derby. Kuli timasitima tija amati roller coaster, toyenda pa njanji zokhotakhota m'mwamba, kukukweza, kukuzondotsa mutu pansi, kenako kukuponya. Munthu umalipira ndalama zako kuti akakuopseze. Mayi anga nditawafotokozera pa foni anangoti, "Azunguwo akhuta."

Komatu malo otere si achilendo kwa ine. Amene mwakhala mukuwerenga zanga mukudziwa kuti ndinachoka ku Dedza mu 2016, n'kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg zaka 6. Holide iliyonse madamu ankatenga ana awo kupita nawo ku Gold Reef City, ine pambuyo. Ntchito yanga kumeneko inali imodzi: kunyamula. Majuzi, mabotolo a madzi, foni ya madamu, chikwama cha zakudya. Iwo akakwera Anaconda, ine pa mpanda, maso kumwamba, kudikira kuti adutse ndiwabayibitse. Malo aja anamangidwa pa mgodi wakale wa golide. Agogo anga aamuna anapitako ku Joni nthawi ya Wenela, ndiye ndinkaima pamenepo ndi katundu wa eni ake n'kumaganiza kuti mwina pansi pa mapazi angawa agogo anakhetsapo thukuta. Iwo ankakumba pansi, mdzukulu akunyamula zikwama pamwamba. Kukwera kokha sindinakwerepo ngakhale kamodzi, ndipo kunena zoona sindinkakufunanso.

Ana a madamu ndinkadziwa kutalika kwawo bwinobwino. Tsiku lobadwa lililonse ankawaimika pa felemu ya chitseko cha kukhitchini n'kulemba ndi pensulo, ndipo ine pokolopa ndinkazilambalala mizere ija kuti isafufutike. Anga ndinawasiya wamkazi ali ndi zaka 5, akundilekeza m'chiuno, wamwamuna atangosiya kuyamwa. Kukula kwawo ndinkakumvera pa foni. "Nsapato akuvala size chani pano?" Mayi ankayeza phazi ndi ulusi, ine n'kugula, n'kupatsira a transporter. Pofika ku Dedza nsapato yachepa kale.

Mu 2022 ndinabwera kuno pa visa ya care. Dzina lokha ndi lomwe linasintha, ntchito yake ndi ya m'nyumba za anthu ndithu: kusambitsa agogo achizungu, kuwaphikira, kuchapa, kuyala bedi, kuthamangira nyumba ina. Mwayi wanga unali wakuti ndinalowa lamulo lisanasinthe. Kuyambira pa 11 March 2024, olowa kumene pa ntchito ya care saloledwanso kubweretsa ana. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga izi munachedwa ndi miyezi iwiri yokha, ndipo ana anu mukuwaonerabe pa video call. N'chifukwa chake ndimafufuta. Sindikufuna muone ngati ndikukuonetserani. Koma mukadzawatenga, pali zina zimene palibe anandiuza ine.

Ana anafika mu December 2024, kuli chisanu choswa mafupa. Pa eyapoti ndinkayang'ana pansi, kufuna kamtsikana kanga, koma amene anaima patsogolo panga anali namwali wa zaka 13, maso athu pamzere umodzi. Wamwamuna sanavute. Pasanathe mwezi anali atayamba kale "Mami, Mami," kutengera anzake a kusukulu. Wamkaziyo ayi. Dzina lake sinditchula, angandidye wamoyo. Mwanayu alibe mwano, amatsuka mbale osatumidwa, akamandipatsa chinthu amanyonyomala monga anamuphunzitsira agogo ake. Koma kwa miyezi 8 sananditchulepo kuti amayi. Akafuna kundiitana amati, "Eti inu." "Inu, gasi watha." "Inu, akukufunani pa foni." Tsiku lina anaphonya n'kunena kuti "anti," tonse tinachita ngati sitinamve. Lamlungu akaimba WhatsApp ku Dedza ndi pamene ndimamva mawu aja akutuluka mosavuta: "Amayi, mwadzuka bwanji? Amayi, mbuzi ija inaswa?" Ine ndili kukhitchini, kuvundula nsima ya ufa wogula pa Normanton Road, kumamvetsera mwana wanga akuitana mayi anga kuti amayi. Ndipo sakulakwa. Amene ankamufunditsa malungo akamugwira ndi iwowo.

Mu July ndikuchapa chikwama chake cha kusukulu ndinapeza kalata yopindapinda pansi penipeni. Inali ya ulendo wa kalasi yawo wopita ku Alton Towers, tsiku lake litadutsa kale. Anzake onse anapita, iye anakhala m'kalasi. Nditamufunsa anati, "Ndinaona kuti muli ndi zambiri zolipira." Abale anga, mawu amenewo anandibaya kuposa mwano. Mlendo ndi amene amaopa kupempha. Mwana wa pakhomo amalira, amavuta, amakwiya mpaka umugulire.

Usiku womwewo ndinatsegula intaneti. Matikiti ukagula pasadakhale amatsikako kusiyana ndi pa geti, komabe atatuwo anandidyera ndalama yoti kumudzi ikanagula thumba la feteleza. Mwezi umenewo ku Dedza ndinatumiza theka. Ndinawauza mayi chilungamo, iwo anakhala chete pang'ono n'kuti, "Apititse ana, chimanga tidzaona." Mpaka lero kamtima kamandigundabe ndikakumbukira.

Msuweni wanga wa ku Leicester ndi amuna ake anabwera ndi galimoto yawo Loweruka m'mamawa. Ndinali nditadzuka 4 koloko kuphika mpunga ndi nkhuku, kukazinga mandasi, zonse m'zigubu za ice cream. Tinadzera A50 mpaka Uttoxeter, n'kudutsa pa fakitale ya JCB ku Rocester, kenako timisewu ting'onoting'ono ta m'minda, nkhosa mbali zonse. Alamu anga, pofuna kusangalatsa ulendo, anayamba kufotokoza za ngozi ya mu June 2015, pamene timasitima tiwiri ta The Smiler tinawombana, atsikana awiri n'kudulidwa mwendo, kampani n'kulipitsidwa mapaundi 5 miliyoni. Msuweni anawatsina pa ntchafu. Ine ndinali nditatsimikiza kale mumtima: ndalipira, ana akwere, ine pa mpanda monga mwa nthawi zonse.

Malowo ndi okongola, ndisaname. Pakati pali chinyumba chakale cha mabwana a ku Shrewsbury, mbali ina ndi bwinja, kutsogolo kwake kapinga ndi dziwe, kumunsi minda ya maluwa. Pali chigawo china amachitcha Katanga Canyon, ati ndiye ku Africa kumeneko, ndi Congo River Rapids yake. Tinayang'anizana ndi msuweni n'kuseka. Africa wopanda fumbi, wopanda ndi mmodzi yemwe wogulitsa chimanga chootcha.

Pa geti ya Nemesis pali ndodo yoyezera. Zikuluzikuluzi amafuna mwana akhale wosachepera mamita 1.4. Mnyamata wogwira ntchito pamenepo anandifunsa mwaulemu kuti mwana wanga wamwamuna ndi wotalika bwanji. Ndinatsegula pakamwa, palibe chinatuluka. Ndikanatha kumuuza kutalika kwa ana a madamu chaka ndi chaka, koma wa m'mimba mwanga sindinkadziwa. Anamuimika pa ndodo, anaperewera ndi zala ziwiri. Analira, eee, analira ngati wamenyedwa, n'kudzandikwirira nkhope pamimba. Chodabwitsa n'chakuti kulira kumeneko kunandikomera. Anatonthola titapeza kuti Wicker Man amalola kuyambira mamita 1.2. Imeneyo ndi ya matabwa, anaitsegula mu 2018, ndipo njanji yake imadutsa m'kati mwa chifanizo chachikulu chokhala ngati cholukidwa, chotuluka utsi ndi moto. Mwana wa ku Dedza atangochiona anakuwa kuti, "Kasiyamaliro!" Anakwera ndi alamu, anatsika mano onse pamtunda.

Titadya pa kapinga paja, wamkazi anati akufuna Oblivion. Alamu anati mpunga wawalemera. Msuweni ali ndi BP. Mwana anangoti, "Palibe vuto, ndikwera ndekha," n'kuyamba kuyenda, manja m'thumba la jekete. Ndinamuyang'ana kumbuyo akupita yekha pakati pa mabanja a eni ake. Ndinali nditakoleka kale zikwama zitatu m'mapewa, mapazi akulunjika okha ku mpanda. Msuweni ndi amene anandigwira mkono.

"Achemwali, bweretsani zikwamazo."

"Ine zimenezi sindingathe."

"Bweretsani. Ndi wigiyo muvule, ingakagwere mzungu kumutu."

Ndinavula wigi pagulu, azimayi, n'kumanga duku mfundo ziwiri. Manja anga anali opanda kanthu ndipo sindinkadziwa kuti ndiwaike pati.

Pamzere tinaima pafupifupi ola. Chiyambireni December tinali tisanakhalepo awiriwiri nthawi yaitali choncho popanda mbale zotsuka kapena TV yotibisa. Poyamba zii. Kenako anandifunsa, osandiyang'ana, "Inu munakwerapo?" Ndinamuuza za Gold Reef City, za majuzi, za mpanda. Anafunsa mayina a ana aja, ndinamuuza. Anafunsa ngati ndinkawakonda. Apa ndikananama, koma ndinati eya, ndinkawakonda, makamaka wamng'ono amene ndinamulera kuyambira ali wakhanda. Anagwedeza mutu. Patapita nthawi anati, "Tsiku limene munkapita munandiuza kuti mukukagula shuga." Ine zimenezo ndinali nditaiwala. Iye anati anakhala pa khonde mpaka mdima, masiku angapo. Sanalire pofotokoza, ankangonena ngati akuwerenga nkhani ya munthu wina. Ndinafuna kumufotokozera za ngongole, za denga lodontha, za bambo ake, koma mzere unasuntha ndipo ndinangoti, "Ndinakunamiza. Pepa." Sanayankhe.

Oblivion anaitsegula mu 1998, ndipo ilibe zambiri. Mumakhala anthu 8 pamzere umodzi, chitsulo chimatsika n'kukupanani m'mapewa, kasitima kamakwera pang'onopang'ono, kakaka, kakaka. Pamwamba kamakhota, kenako kamafika pa mphepete n'kuweramira kutsogolo, n'kuima. Kamaimadi, masekondi angapo, nkhope yanu italoza pansi pamene pali dzenje lakuda lofuka nthunzi. Kuchokera pamenepo mpaka pansi pa dzenjelo ndi mamita oposa 50. Ndinayamba Atate Wathu koma sindinafike ndi pa "dzina lanu" pomwe. Ndinangomva zikhadabo zikulowa pa mkono wanga wamanzere, ndi mawu akuti, "Amayi! Amayi ineee!"

Kenako tinagwa. Za m'dzenjemo musandifunse, ndinatseka maso, chifu chinabwera kukhosi. Pasanathe mphindi tinali titaima, miyendo ikunjenjemera, duku lili pa khutu limodzi. Mwana anali akuseka mpaka misozi, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo m'nyumba mwanga, ndipo dzanja lake linali likadali pa mkono wanga mpaka tinatsika masitepe.

Tsono apa ndi pamene ndimafufuta. Tonse tikudziwa kuti Mmalawi aliyense akadzidzimuka amakuwa "amayi ine." Ngakhale bambo wa ndevu zake akaponda njoka amaitana amayi ake omwe anamwalira kalekale. Mwina ankaitana agogo ake ku Dedza. Mwina sankaitana munthu. Msuweni nditamuuza anati, "Nanga pa mpando paja panali amayi angati?" Ndinaseka, koma mwanayo sindinamufunse ndipo sindidzamufunsa. Zipsera za zikhadabo zinakhala masiku 4. Agogo ena amene ndimawasambitsa Lolemba anaziona n'kufunsa ngati ndili ndi mphaka.

Tinafika ku Normanton cha m'ma 9 usiku, wamwamuna atagona pa miyendo panga. Mawa lake titachoka ku tchalitchi ndinatenga pensulo ndi tepi yoyezera. Nyumba ndi ya lendi, pa felemu ya chitseko sindingalembe, landilodi angadye dipoziti yanga, ndiye tinalemba m'kati mwa chitseko cha wadiropu imene ndinagula ndekha. Wamwamuna 1.36, ndipo walumbira kuti chaka chamawa Nemesis imuona. Wamkazi 1.58. Nditamaliza anandilanda pensulo.

"Imani apa inunso. Vulani masilipasi."

Ndinaima. Anandiika buku pamutu, n'kulemba mzere, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone bwino. Mzere wanga uli pansi pa wake ndi chala chimodzi. Pa wake analemba dzina lake, pa wa mlongo wake dzina lake. Pa wanga anaima kaye pensulo ili m'mwamba, kenako anangolemba deti.