Mapu Akale ndi Dzina la Maravi

M'nyumba za anthu ena achuma a ku Ulaya, ndi m'maofesi ena, mumapachikidwa mapu akale pakhoma, otsekeredwa m'galasi monga chithunzi. Pepala lake ndi lofiirira ndi ukalamba, ndipo panyanja pake pamaoneka zombo za matanga ndi zinsomba zoopsa. Ambiri amene amagula mapu otere amangofuna kukometsa chipinda, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Koma munthu amene waphunzira kuwerenga asamangoima patali ndi kunena kuti, "Ha, kukongola kwake!" Iye asendere pafupi, awerenge maina.

Kupanga mapu amenewa inali ntchito ya thukuta. Mmisiri ankatenga chitsulo chophwatalala cha mkuwa, nachisalaza kufikira chitawala ngati kalilole. Atatero ankazokota mitsinje, mapiri ndi maina ndi kachitsulo kosongoka. Chovuta chinali chakuti zilembo zonse ankazizokota chotembenuza, kuyambira kumanja kunka kumanzere, kuti zikadindidwa papepala ziwerengeke bwino. Aliyense amene anatulukapo thukuta pofuna kulemba dzina lake koyamba pa sileti angathe kuzindikira luso la munthu wolemba maina mazanamazana chotembenuza, pamkuwa. Pambuyo pake ankapaka inki, napukuta pamwamba kuti inkiyo itsale m'mizere yokha, nayalapo pepala lonyowa pang'ono, ndi kulipanikiza m'makina. Utoto ankaupaka pamanja, pepala lililonse palokha. Pepalalo linali lopangidwa ndi nsanza, ndipo n'chifukwa chake lapirira zaka mazana ambiri.

Mapu ambiri amene ali pakhoma lero sanapangidwire khoma ayi. Anali masamba a mabuku aakulu, monga buku limene Abraham Ortelius anatulutsa ku Antwerp m'chaka cha 1570. Ogulitsa anaona kuti tsamba limodzilimodzi limabweretsa ndalama zambiri koposa buku lathunthu, motero mabuku ambiri anaphwasulidwa. Mzere wopindika umene umaoneka pakati pa mapu ndiwo chipsera cha buku lophedwa. Zimenezi n'zomvetsa chisoni.

Mwa mapu onse a Africa, amene ogula amawakonda kwambiri ndi a Willem Blaeu wa ku Amsterdam, ozokotedwa m'zaka zoyamba za m'ma 1600. Pamwamba pake pali zithunzi za mizinda monga Cairo ndi Mozambique. M'mbali muli anthu awiriawiri a mitundu yosiyana atavala zovala zakwawo. Pakati pali njovu, mikango ndi nthiwatiwa. Gombe la nyanja yamchere linajambulidwa bwino ndithu, pakuti amalinyero ankapita m'menemo chaka ndi chaka. Koma m'kati mwa dziko muli zopeka zambiri. Muli nyanja ziwiri zazikulu, Zaire ndi Zaflan, ndipo mtsinje wa Nile ukutuluka m'menemo. Maganizo amenewa anachokera kwa Ptolemy, katswiri wa ku Alexandria amene analemba cha m'ma 150, ndipo amisiri ankangokopera kwa anzawo, wina kwa mnzake, monga ana a sukulu aulesi. Mapu odzaza bwino ankagulidwa msanga, ndiye malo opanda kanthu ankawaikapo njovu.

Ku Paris kunali munthu wina, dzina lake Jean-Baptiste d'Anville, amene anakana mwambo umenewu. Iye sanali wapaulendo. Moyo wake wonse unathera pakati pa mabuku, makalata ndi mapu a anthu ena. Koma anali ndi lamulo lake: chinthu chopanda umboni wokwanira sichilowa pamapu. Mapu ake a Africa a m'chaka cha 1749 ali ndi malo aakulu oyera, opanda njovu ngakhale mkango. Wofuna zokometsa chipinda angawayese osauka. Koma kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi d'Anville anasiya nyanja imodzi yaitali, yopapatiza, yolunjika kumpoto, ndipo dzina lake analemba kuti Maravi.

Apa ndipo pali nkhani. Munthu amene anachotsa zopeka zambiri popanda chifundo anasunga nyanja iyi. Kodi anaidziwa bwanji, iye wosaionapo? Anaidziwa kuchokera m'zolemba za Apwitikizi, amene anakhala ku Sena ndi ku Tete kuyambira m'zaka za m'ma 1500, akugula golide ndi minyanga ya njovu. M'chaka cha 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda pansi kuchokera ku Tete kukafika ku Kilwa, nadzera kwa mfumu Muzura, ndipo mbiri ya ulendo wake imatchula za nyanja yaikulu. Nanga Apwitikiziwo anauzidwa ndi yani? Anauzidwa ndi eni dziko: amalonda obwera ndi minyanga, onyamula katundu, opalasa mabwato, ndi anthu a Kalonga, a Lundu ndi a Undi. Anthu amenewa sanagwirepo cholembera, ndipo maina awo sanalembedwe pamapu alionse. Komabe mawu a pakamwa pawo anatsika ndi Zambezi, nawoloka nyanja yamchere, kufikira mmisiri wa ku France anawazokota pamkuwa.

Si kuti mapuwo analondola zonse. Nyanja yeniyeni, imene kutalika kwake ndi mamailosi pafupifupi 360, sinayesedwe ndi munthu aliyense m'masiku amenewo, ndipo mawonekedwe ake pamapu ndi ongoyerekeza. Mawu akayenda pakamwa pa anthu ambiri amapindika. Ngakhale m'zaka za m'ma 1850 amishoni awiri a ku Germany, Jakob Erhardt ndi Johannes Rebmann, atafunsa amalonda a kugombe, anajambula chinyanja chimodzi chachikulu chimene chinameza nyanja zingapo za ku Africa pamodzi. Ntchito ya David Livingstone, amene anafika panyanjayi m'mwezi wa September 1859, inali yaikulu ndithu, pakuti iye ndi anzake anaona ndi maso awo, nayesa ndi zipangizo. Koma buku limene limati ndiye anatulukira nyanjayi limatsutsidwa ndi pepala lopachikidwa pakhoma, losindikizidwa zaka 110 iye asanafike. Livingstone anaitcha Nyasa, mawu a Chiyao otanthauza nyanja basi, ndipo dzina lakale lija linayamba kuzimirira pamapu a Azungu.

Wophunzira amene angaone mapu otere, kaya m'buku kaya pakhoma, asadodome ndi kalembedwe kake. Apwitikizi analemba monga makutu awo anamvera: pamene pali l iwo anaika r, ndipo pamene milomo ya eni ake imangokhudzana pang'ono iwo anaika v. Akaliwerenga mokweza, pang'onopang'ono, adzamva dzina limene dziko la Nyasaland linadzitengera pa 6 July 1964, zaka 215 chisindikizireni mapu a d'Anville.