Otchuka a Kwathu

Tsiku lina aphunzitsi athu a Chichewa anatiuza kuti aliyense alembe mayina asanu a anthu otchuka ochokera kwawo. Ine ndinangoti kakasi, cholembera chili m'manja. Akanandifunsa za mzinda wa Manchester ku England, ndikanayankha mosadodoma. Tili ana ku Kabudula, ndalama zathu za maganyu zinkathera m'nyumba zoonetsera mpira, moti Marcus Rashford, wobadwira ku Manchester mu 1997, tinkamudziwa ngati msuweni wathu.

Papepala langa ndinalembapo dzina limodzi lokha: Lazarus Chakwera wa ku Malembo, wobadwa pa 5 April 1955, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013, nakhala mtsogoleri wa dziko lino kuyambira 2020 mpaka 2025. Mizere inayi inatsala yopanda kanthu, ndipo ndinachita manyazi.

Patchuthi ndinawafotokozera agogo anga aakazi, amene ndinawapeza akutong'ola chimanga pakhonde.

"Mdzukulu wanga, kodi umadziwa chifukwa chake anawatcha Lazaro?" anandifunsa.

Ndinapukusa mutu. Anandiuza kuti abale awo awiri amene anatsogola kubadwa anamwalira ali makanda, choncho bambo awo anasankha dzina la munthu wa m'Baibulo amene anaukitsidwa, pokhulupirira kuti mwana ameneyu akhala ndi moyo.

Agogo anasiya kutong'ola. Iwonso anaikapo ana atatu m'manda. Amayi anga anabadwa usiku wa mvula yamphamvu, mtsinje utadzaza, ngolo italephera kuwoloka kuti ipite kuchipatala. Mzamba wina wa m'mudzi wa kutsidya anawoloka madziwo akumulekeza m'chiuno, nyali ili pamutu. Mwanayo anabadwa osalira, koma mayiyo sanagwe mphwayi mpaka khandalo linalira. Malipiro ake anali nkhuku imodzi.

"Theka la mudzi uno linadzera m'manja mwa mayi ameneyu," anatero agogo. "Nanga sukulu yanuyo imati wotchuka ndi wotani?"

Ndinasowa choyankha. Ndinkadziwa zigoli za mnyamata wa kutsidya kwa nyanja, koma dzina la mayi amene anapulumutsa amayi anga ndinali ndisanalimvepo. Mayiyo anamwalira kalekale, ndipo pamanda pake palibe ngakhale chikwangwani.

Usiku womwewo ndinatenga pepala lija n'kulemba dzina lake pamzere wachiwiri. Mizere itatu yotsalayo ndidzaidzaza pa tchuthi chikubwerachi, agogo akadali ndi moyo.