Kalata kwa Mwana Wopita Kukaphunzira Zamagetsi

Kwa mwana wokondedwa,

Pamene mwana akuchoka pakhomo kukaphunzira luso la zamagetsi, bambo ake aona kuti ndi bwino kumulangiza za kapasita, kachipangizo kosunga magetsi pakati pa tizitsulo tiwiri topyapyala tolekanitsidwa ndi chotchinga, popeza chotchingacho sichitchinga kotheratu, ndipo magetsi amadontha pang'onopang'ono ngati madzi a mumtsuko wosapsa bwino. Kapasita wa aluminiyamu wokhala ndi madzi a mankhwala mkati, amene amisiri amamutcha electrolytic, ndi mmodzi mwa odontha kwambiri, ndipo opanga ambiri amapeza malire a kudonthako pochulukitsa 0.01 ndi mamaikirofaradi komanso mavolti, kotero kuti wa 1000 µF ndi 16 V amaloledwa kudontha mpaka 160 µA, ngakhale kuti watsopano wabwinobwino nthawi zambiri safika n'komwe pafupi ndi malirewo.

Poyeza, mwanayo alumikize rezisita, kachipangizo kochepetsa mayendedwe a magetsi, motsatizana ndi kapasita, ayeze mavolti a pa rezisitayo, kenaka awagawe ndi maomu ake. Asathamangire kulemba nambala yoyamba, chifukwa magetsi olowa poyambirira amakhala odzaza kapasita, otsatirawo amamwedwa ndi chotchinga chija, ndipo kudontha kwenikweni kumaoneka pakapita mphindi zingapo. N'chifukwa chake opanga amatchula kuti anayeza patatha mphindi 2 kapena 5. Cholakwa chofala pakati pa ophunzira ndi kusiya mita yoyezera mavolti pamiyendo ya kapasita n'kumaonerera mavolti akutsika, osadziwa kuti mita yambiri ili ndi 10 MΩ mkati, ndiye kuti mitayo nayonso ikumwa magetsi amene ikuwayeza.

Pulogalamu ya SPICE, imene inatuluka ku University of California, Berkeley, mu 1973, imayerekezera pa kompyuta mmene seketi ingagwirire ntchito, koma kapasita wake sadontha konse pokhapokha munthu atamuikira rezisita pambali, monga LTspice, pulogalamu ya mtundu wa SPICE, imalolera kudzera mu nambala yotchedwa Rpar. Pa chitsanzo chija cha 1000 µF ndi 16 V rezisitayo angakhale wa 100 kΩ, komabe nambala imeneyi ndi yoona pa mavolti amodzi ndi kutentha kumodzi basi, pakuti kudontha kumakula kukatentha, kumakwera msanga mavolti akayandikira malire, ndipo kumachuluka pa kapasita amene wakhalitsa m'bokosi osagwiritsidwa ntchito. Bambo ake akuona kuti rezisita wochokera pa zimene mwanayo wayeza yekha aposa wongotengera pa pepala la wopanga.

Kufunika kodziwa kudonthaku kumaoneka pa 555, kachipangizo kowerenga nthawi kamene kamadikira kuti kapasita afike magawo awiri mwa atatu a mavolti operekedwa: pa 5 V ndi rezisita wa 1 MΩ, magetsi olowa pa malirewo ndi pafupifupi 1.7 µA okha, ndipo kapasita wodontha kuposa pamenepo sadzafikapo, ngakhale kompyuta itaonetsa kuti wafika.

Bambo ake