ULENDO WA KU LIKHUBULA: ZA MONO NDI ULUSI WA KANGAUDE

Mwezi uno tifuna kukuuzani za ulendo wathu wa ku Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje, ndi za cimene tinaphunzira kumeneko pa nkhani ya kugwira nsomba.

Tinacoka pa Chitakale m'mamawa, mwezi wa September, ndi kutsata mseu wopita ku Phalombe. Phiri linali ku dzanja lathu lamanja, ndipo patsogolo pathu panaima thanthwe lalikuru la Chambe, losalala ngati khoma la nyumba. Nsonga yoposa zonse, ndiyo Sapitwa, ya mamita 3,002, iri m'kati mwa phiri, ndipo sitinaione. Nkhalango ya phirili inayamba kusungidwa ndi Boma m'caka ca 1927. Titafika pa Likhubula tinakwera ndi miyendo kufikira pa Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi agwa pathanthwe nasonkhana m'dziwe lakuya. Madziwo azizira kwambiri, ngakhale dzuwa liwale bwanji. Kucokera apo mtsinje utsikira kucigwa, ndipo madzi ace akafika mu Ruo, ndi Ruo awatula mu Shire ku Chiromo.

Pobwerera tinatsata mtsinje kunsi, kumene kuli midzi ndi madimba. Pamenepo tinaona miyala yaikuru yoti mbwee m'mbali mwa madzi. Anthu sanaiwale namondwe Freddy wa mwezi wa March caka ca 2023, amene anagumula mapiri a ku Mulanje ndi ku Phalombe napha anthu ambiri. Pansi pa mtengo wa mkuyu tinapeza mkuru wina waimvi alikuluka mono. Tinaomba m'manja ndi kunena, "Zikomo, agogo, tikuoneni." Iwo anayankha, "Wawa, fikani, khalani pamwalapo." Ndipo tinakhala pansi kupenyerera nchito yao.

Mono ndi dengu lalitali lolukidwa ndi nsungwi zong'amba kapena bango, lomangidwa ndi luzi. Pakamwa pace pali khomo lonka licepa m'kati, kotero kuti nsomba ilowa bwino, koma pofuna kuturuka ipeza nsonga za nsungwi zitaipenya. Msodzi amanga mpanda wa mitengo, bango ndi miyala kudutsa mtsinje, nasiya mipata, nachera mono m'mipatamo. Ena aikamo nyambo ya gaga. M'mawa akavuula, napeza matemba, milamba ndi nkhanu. Agogo aja anationetsa mipata ya pakati pa nsungwi, mmene cala ca mwana cikhoza kulowa. Anati mipata imeneyo ndiyo khomo la tiana ta nsomba, timene tituruka ndi kukakula, kuti caka camawa mono asagone ndi njala. Anakumbukanso masiku amene asodzi anapota okha cingwe ca ukonde pancafu, ndi luzi la mtengo wa bwazi. Ukonde wotero unadya masiku ambiri pouluka, ndipo unaola msanga ukapanda kuyanikidwa. Cifukwa cace munthu sanakhale ndi maukonde ambiri, ndipo mtsinje unapeza nthawi yopuma.

Tiri cikhalire, mmodzi wa ife anaona pa nthambi za mkuyu ukonde waukuru wa kangaude, ulusi wace wonyezimira ngati golidi. Pamenepo tinawasimbira agogowo nkhani ya asodzi a kutali, amene agwira nsomba ndi ulusi wotere, ndipo tiyesa kuti inunso mudzakondwa kuimva.

Kum'mawa kwa New Guinea, m'nyanja yaikuru ya Pacific, muli zisumbu za Solomon. Pa cimodzi ca izo, dzina lace Santa Catalina, msodzi alowa m'thengo ndi kamtengo, nakulunga pa iko ulusi wa akangaude akuluakulu a mtundu womwewo, kufikira utakhala kamtolo konga cala. Atatero asoka masamba ouma, napanga cinthu couluka ndi mphepo, cimene ana a sukulu acicha kaiti. Amanga kamtolo kaja ku cingwe colendewera pansi pa kaitiyo, nakwera bwato lace, napalasa. Kaiti auluka pamwamba, ndi kamtolo kabvinabvina pa madzi monga kansomba kothawa. M'nyanja imeneyo muli nsomba yaitali, ya mlomo wosongoka ngati singano ndi mano ambiri ang'onoang'ono. Mlomo wace ngwowonda ndi wouma, kotero kuti mbedza siikola bwino. Koma ikaluma kamtoloko, mano ace akodwa mu ulusi, ndipo siikhozanso kumasuka. Msodzi aona kaiti alikugwedezeka, nakoka cingwe. Palibe mbedza, palibe nyambo, palibe citsulo ciri conse.

Agogo anaseka kwambiri, nati anthu amenewo ndi abale ao, pakuti nawonso ayamba aphunzira makhalidwe a nsomba asanaisake. Mau amenewa tinawasunga. Msodzi wa ku Solomon adziwa mano a nsomba yace, ndipo ulusi wace ugwira imodzi imodzi. Msodzi wa ku Likhubula adziwa njira imene matemba ayenda, ndipo mono wace asankha zazikuru nalola zazing'ono zipite. Zipangizo zonse ziwiri zicokera m'thengo, ndipo zikatha nchito ziola ndi kubwerera kudothi.

Koma tisanamize ana athu kuti zonse za makolo zinali zabwino. Panalinso katupe ndi ombwe, zomera zimene anthu anasinja ndi kuthira m'dziwe nthawi ya cilimwe, madzi atacepa. Nsomba zonse zinaledzera ndi kuyandama, zazikuru ndi zazing'ono zomwe. Tsiku limodzi mudzi unadya bwino, koma dziwe linakhala lopanda kanthu miyezi yambiri. Lamulo la za nsomba la caka ca 1997 liletsa kupha nsomba ndi mankhwala otere. Masiku ano kwabwera bvuto lina lofanana nalo. M'madera ambiri a dziko lathu anthu atenga ukonde wa udzudzu, umene analandira kuti uteteze ana ku malungo, nakakokera m'mtsinje. Maso ace ngang'ono kwambiri, ndipo ukokolola ndi tiana tomwe. Motero banja litaya kawiri: usiku mwana alumwa ndi udzudzu, ndipo caka camawa ndiwo zisowa. Tidziwa kuti ambiri acita izi cifukwa ca umphawi, koma mtsinje sukhoza kubala zimene sitinausiyire mbeu.

Dzuwa litapendeka tinatsazika, ndipo agogo anatiperekeza kufikira pamseu, mono wao wosatha ali m'khwapa. Anadandaula kuti anyamata a m'mudzi mwao safunanso kuphunzira kuluka. Cifukwa cace tikupemphani, inu atate ndi amai: ngati m'mudzi mwanu muli mkuru wodziwa kuluka mono, tumizani ana anu akakhale naye pansi asanapite. Ukonde wa udzudzu ukhale pa mphasa yogonapo, ndipo mvula yoyamba ikagwa, nsomba zirikukwera kukaswana, musatseke mtsinje wonse.