Mamita asanu ndi limodzi, atsikana asanu ndi mmodzi

Kutatsala milungu itatu kuti msonkhano wa misasa uyambe, amayi a Dorika pa mpingo wathu kuno ku Karonga anandituma kukagula nsalu ya masiketi a atsikana 6 a kwaya ya ana. Ndalama zake anasonkha atagulitsa mpunga wa Kilombero, ena mpaka kutapa wa chakudya cha pakhomo.

Ndinapeza nsalu yokongola ya mabokosi ofiira ndi akuda, yochokera ku Tanzania kudzera pa Songwe. Mumtima ndinati ana ndi ang'onoang'ono, mita imodzi aliyense ikwana. Ndinagula mamita 6 osayeza mwana ngakhale mmodzi.

Atelala athu, bambo achikulire, anatambasula nsaluyo n'kupukusa mutu. "Mayi, apatu mwagulira ana anayi. Awiriwo avala chiyani?"

Anatenga tepi n'kundionetsa. Siketi yopindapinda kuzungulira thupi lonse imadya nsalu katatu kuposa muyeso wa m'munsi mwa chiuno, pamene thupi latakata. Mwana wa masentimita 80 amafuna 240, kuonjezapo 5 a msoko. Nsalu yathu inali ya masentimita 150 m'lifupi, choncho siketi imodzi inafuna zidutswa ziwiri zolumikiza. Chidutswa chilichonse chinayenera kutalika masentimita 68, ndiko kuti 60 a siketi ndi 8 a mpendero ndi msoko. Tikaikapo lamba, mwana mmodzi amatha mita ndi theka. Nsalu ya mabokosi imafunanso yapadera kuti mizere ikumane pa msoko. N'chifukwa chake kilt, chovala chopindapinda cha amuna a ku Scotland, kwawo kwa amishoni a Livingstonia, chimatha mamita pafupifupi 7.

Ndinabwerera kumsika, koma nsaluyo inali itatha. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndikanauza mwana uti kuti iye aimba atavala zosiyana ndi anzake? Ndinakumbukira phunziro la pa Luka 14:28, lowerengera mtengo ntchito isanayambe, limene ndaphunzitsapo ena kangapo.

M'mawa ndinakaulula kwa amayi kuti cholakwa chinali changa. Palibe anandikalipira. Atelala anadula zidutswa 8 n'kugawira ana onse mofanana, mwana aliyense pafupifupi masentimita 200, ndipo anapinda kutsogolo kokha. Sabata la msonkhano atsikana onse 6 anaimirira pamzere umodzi, ofanana.

Tsopano tepi sichoka m'chikwama changa. Ndimayeza mwana, ndimafunsa m'lifupi mwa nsalu, kenako ndimawerengera papepala. Nsalu ya thonje ndimayamba ndaichapa isanadulidwe, chifukwa imafupika ikalowa m'madzi koyamba. Ndipo ndi kutentha kwa kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala, ndimalangiza makolo kusankha thonje, limene limamwa thukuta ndi kulola mpweya kufika pakhungu la mwana.

Ndalama ya m'nyumba kapena ya mpingo ndi thukuta la munthu. Musanapite kusitolo, yambani mwafika kwa atelala.