Ku Dedza nsalu sitayidwa msanga

Mukatsika minibasi pa Dedza boma m'mwezi wa June, mphepo ndiyo imayamba kukulonjerani. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'tsinde mwa phiri lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, ndipo nkhungu ikatsika m'mapaini imatha kukhala mpaka dzuwa litakwera. Wakabaza amene anandinyamula kupita kumsika anali atavala jekete lochindikala, la mtundu umene anthu a kumayiko a chisanu amavala. Mayi wogulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu anali ndi juzi ziwiri, chipewa chaubweya ndi sokosi zazitali m'kati mwa chitenje. Zonsezi ndi za pa kaunjika, ndipo kunoko palibe amene amachita nazo manyazi.

Ndinafika pamsika belo la kaunjika lisanatsegulidwe. Linali chigonere pa lona, lomangidwa zolimba ndi malamba, lolemera makilogalamu pafupifupi 45 monga amakhalira mabelo ambiri. Mwini wake, mayi wa msinkhu wapakati, anaima kaye pang'ono asanadule malambawo. Anandiuza kuti mphindi imeneyi mtima umagunda, chifukwa belo umagula osaona zam'kati. Pamwamba amalembapo kuti ndi majekete kapena zovala za ana, koma ngati mwadzaza zong'ambika ndi zothimbirira, mpamba walowa m'madzi ndipo kokadandaula kulibe. Mpeni utadutsa, zovala zinafufuma, fungo lake lodziwika lija n'kutuluka, anthu n'kuunjikana.

Kusankha kuli ndi mwambo wake. Oyamba ndi anyamata ogula kuti akagulitsenso. Iwowa dzanja lawo limadziwa nsalu maso asanaone: amatola jinzi yabwino, amayang'ana zipi ndi m'khwapa, n'kuponya paphewa. Akachapa ndi kusita, mawa mudzaipeza pa hang'ala pamtengo wina. Kenako amabwera amayi ofunira ana awo, amene amayeza kabudula ndi chikhatho poti mwana watsala kunyumba. Dzuwa likapendeka mtengo umatsika, wogulitsa n'kuyamba kukuwa kuti “Sankhani, amayi, sankhani! Yatsika, yatsika!” Apa m'pamene agogo ochokera kumidzi ya kuseri kwa phiri amayandikira ndi ndalama yomanga pamfundo ya chitenje. Mumamvanso Chipwitikizi apa ndi apo, pakuti malire a Mozambique ali pafupi kwambiri, ndipo abale athu a ku Angonia amagula ndi kugulitsa m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 ngati kwawo, makamaka pa Lizulu pomwe msewuwo ndiwo malire.

Zovalazi zayenda ulendo wautali. Zambiri zimachokera ku Ulaya, ku America ndi ku China, zimatsika pa madoko monga Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, n'kufika m'nyumba zosungiramo katundu ku Lilongwe ndi ku Limbe komwe amalonda athu amakapikula. Bungwe la DAPP, lomwe linayamba ntchito m'dziko muno mu 1995, nalonso limagulitsa zovala zotere pofuna kupeza ndalama zoyendetsera ntchito zake, kuphatikizapo sukulu zophunzitsa aphunzitsi. Poti katunduyu amagulidwa ndi ndalama zakunja, kwacha ikagwa belo limakwera tsiku lomwelo. Itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amalonda ang'onoang'ono ambiri anayamba kusonkherana kuti agule belo limodzi, ndipo mu February 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anayenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za mitengo.

Koma chimene chinandisunga nthawi yaitali chili kuseri kwa milu ya zovala, pakhonde la sitolo pomwe pamakhala matelala. Makina awo ndi opalasa ndi phazi, ena akale kuposa eni ake. Ndinakhala pabenchi pafupi ndi bambo wina wa imvi, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu. Mtsikana anabwera ndi diresi lalikulu loti angalowemo anthu awiri. Bamboyo analitembenuza, n'kufunsa kuti, “Mwanangu, ukufuna siketi yokha kapena tichotsemonso bulauzi?” Posakhalitsa nsaluyo inali itagawidwa, ndipo kachidutswa kotsala anakaponya m'thumba lomwe linali pansi pa makina. Anandionetsa kolala ya shati yomwe anaisomola n'kuitembenuza kuti mbali yothetheka ibisike. Anandionetsa thalauzi la munthu wamkulu lomwe linasanduka makabudula awiri a sukulu, ndi katani ya pawindo yomwe tsopano ndi diresi la mwana lopita nalo kutchalitchi. Bulangete long'ambika pakati amalidula n'kulipinda m'mphepete kuti likhale timabulangete tiwiri ta makanda. Kumeneku ndi kuganiza kwa mmisiri: kuona chovala chomwe kulibe m'kati mwa chovala chomwe chilipo. Zimandiwawa kuti luso lotere timalitcha kungosoka zigamba, ndipo timalipira monyinyirika.

Thumba la pansi pa makina lija nalo lili ndi eni ake. Amayi ena amagula tizidutswato n'kumatilowetsa m'thumba la feteleza kamodzikamodzi, mpaka litasanduka chopondera cha pakhomo chamawangamawanga. Tina timalumikizidwa kukhala chofunda, tina timalowa m'pilo, ndipo totsalira penipeni timakhala nkhata yosenzera mtolo wa nkhuni kapena ndowa. Ukapitirira pang'ono umamva kugogoda kwa osula zitini. Malata akale akusanduka mbaula ndi ndowa zothirira kudimba, kachitini kakusanduka koloboyi. Pafupi pomwepo mnyamata akudula tayala la galimoto kupanga nsapato, ndipo chubu chake achidula malegeni omangira matumba a mbatatesi ndi kabichi panjinga. Ana amene ankathamanga pakati pa mabenchi ankamenya mpira wachikulunga wa majumbo.

Luso limeneli silinabwere ndi mabelo. Amene anaonapo Gule Wamkulu m'midzi ya Dedza akudziwa kuti chilombo chimatuluka chitavala nsanza, ziguduli, nthenga, zikopa ndi makoko a chimanga, ndipo jekete lakale likafika pabwalo limakhala ndi ulemu umene linalibe pamsika. Mukatsika msewu wa Khwekhwelere kupita ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaona m'nyumba ya Chamare magule mazanamazana, ndipo mukayang'anitsitsa mupeza nsalu zakutha zitagwiritsidwa ntchito mwanzeru zedi. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. Ine ndimaona kuti dzanja losoka chopondera ndi dzanja lokonza zovala za gule anaphunzira sukulu imodzi.

Sindingabise mbali yowawa. Dziko lino limalima thonje ku Chikwawa, Balaka ndi Salima, ndipo kale fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre inkaveka anthu ambiri nsalu yopangidwa konkuno, isanagulitsidwe mu 2003. Lero thonje lathu lambiri limatuluka losaomba, ife n'kumagula malaya amene ena atopa nawo. M'mabelo mukubweranso zovala zopepuka za ulusi wa pulasitiki zomwe sizipirira kuchapa, ndipo telala uja anandiuza kuti zimenezi ngakhale singano imazikana. Zoterezi ndi zomwe ndinaziona zitatsakamira m'ngalande kumunsi kwa msika.

Ena amati tingoletsa kaunjika. Mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana zotero mu 2016, koma ambiri anabwerera m'mbuyo America itaopseza, ndipo Rwanda yomwe inalimbikira inachotseredwa mwayi wogulitsa zovala zake ku America mopanda msonkho mu 2018. Ine funso langa ndi la pafupi: mwana wa ku Bembeke amene amadzuka m'mamawa wa July kupita kusukulu adzavala chiyani mawa lake? Tisanatseke belo, tiyambe tatsegula mafakitale osoka juzi zoti mlimi wa mbatatesi angakwanitse. Pakali pano, a khonsolo awamangire matelala ndi osula zitini malo okhala ndi denga, pakuti mvula ikagwa ntchito yawo imaima, chonsecho chiphaso cha msika amadula. Ndipo inu owerenga, mukadzafika pa Dedza ndi malaya ong'ambika, musawataye. Apatseni abambo a pakhonde aja, ndipo mtengo umene atchule mulipire osanenerera.